Aba zipangizo za ndege kuntchito kwathu, koma akuloza ife alonda

Mlonda_wa_ku_Joni:
Abale anga ndithandizeni nzeru, mutu wanga sukugwira. Ndimagwira ntchito ya ulonda pa kabwalo ka ndege zing'onozing'ono kuno ku Gauteng, chino n'chaka chachinayi. Si bwalo ngati OR Tambo ayi. Pathu pamakhala ndege za eni ake, za sukulu yophunzitsa kuyendetsa ndege, ndi zochepa za hayala. Lolemba m'mawa mwini wa ndege ina ya Cessna atafika anapeza kutsogolo kwa mpando wa pailoti kuli mabowo awiri, wailesi ndi GPS palibe. Chitseko cha shedi sanathyole, loko ali bwinobwino. Chitseko cha ndege anatseka, ngakhale nsalu yovindikira galasi anaibwezeretsa n'kumanga zingwe zake monga mwa masiku onse. Ine ndinali pageti usiku wa Loweruka ndi wa Lamulungu, ndipo magalimoto onse amene ndinalemba m'buku anali a anthu okhala ndi makadi olowera. Koma amene aitanidwa kukafunsidwa ndi ife alonda atatu basi. Atisecha mpaka kunsi kwa matiresi. Ine zinthu zimenezo ngakhale mutandipatsa m'manja sindingadziwe kozigulitsa. Kodi amaba zoterezi amakhala ndani? Ndipo ngati munthu angalowe n'kumasula wailesi osaoneka, chingamuletse n'chiyani kunyamuka ndi ndege yonse?

Kabaza265:
Pepani achimwene. Koma za kuba ndege yonsezo ndakana. Akaibisa kuti? Si njinga imeneyo.

Makaniko_7Q:
A Mlonda, pepani kwambiri. Ine ndakonza ndege zing'onozing'ono zaka zambiri, ndipo zomwe mwafotokozazi zikundiuza chinthu chimodzi: anachita zimenezi ndi munthu wozolowera ndege. Mbava wamba ikalowa imaswa galasi, imadula mawaya, imatenga ndi mahedifoni omwe. Koma wobwezeretsa nsalu n'kumanga zingwe ndi munthu amene manja ake anazolowera kutero.

Mawailesi ndi ma GPS a masiku ano, monga Garmin GNS 430 ndi 530 omwe ali mu ndege zambiri, amakhala m'kabokosi kake ngati dirowa. Anawapanga choncho dala kuti ife okonza tizitulutsa mosavuta tikafuna kukayeza. Ndiye wodziwa satenga nthawi. Ndipo pali chinyengo china chomwe mukuyenera kukawauza mabwana anu mawa lomwe. Akuba ochenjera amaba mu ndege yoyamba, n'kupita pa ndege yachiwiri yokhala ndi chipangizo chofanana, n'kuchotsa chake, n'kuikamo chobedwa chija. Mwini ndege yoyamba amakanena kupolisi nambala ya chipangizo chake, koma chipangizocho chili phee mu ndege ya mnzake yemwe sakudziwa kanthu. Chomwe chapita kumsika ndi cha ndege yachiwiri, chomwe palibe amene akuchifunafuna. Choncho auzeni kuti eni ndege onse pabwalo panupo ayerekeze manambala a zipangizo zawo ndi zomwe zinalembedwa m'mabuku a ndege.

Mayi_a_Tadala:
Zikasowa zinthu kuntchito woyamba kukayikiridwa ndi wosauka. Ine ndinagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Randburg, ndikudziwa ululu wake. Limbani mtima bambo.

NaBanda_Seattle:
A Kabaza265, ndege imabedwa ndithu, ndipo kuno komwe ndikukhala ndi kwawo kwa nkhani zimenezi. Kuli mnyamata wa pa chilumba cha Camano, Colton Harris-Moore, amene manyuzipepala anamutcha Barefoot Bandit chifukwa nthawi zina ankaba osavala nsapato. Sanalowepo m'kalasi yoyendetsa ndege. Ankangowerenga mabuku a ndege ndi kuyeserera pa kompyuta. Mu Novembala 2008 anaba Cessna 182 pa chilumba cha Orcas, n'kudutsa nayo mapiri a Cascade, n'kukaigwetsa m'dera la a Yakama. Anatuluka wamoyo n'kuthawa. Anabanso zina, ndipo yomaliza anaitenga ku Bloomington, Indiana, mu Julayi 2010, Cessna 400, n'kuuluka nayo makilomita opitirira 1,500 mpaka ku Bahamas komwe anakaitsitsira m'dambo pa chilumba cha Great Abaco. Anamugwira pa 11 Julayi 2010 ali ndi zaka 19, akuthawa pa boti lobanso. Zomwe zinkandiwawa ine n'zoti anthu ambiri pa Facebook ankamuchemerera ngati ngwazi, osaganiza za anthu omwe ankawathyolera nyumba ndi masitolo, ena mpaka kangapo.

Kabaza265:
Ndiye kuti ndege ilibe kiyi?

Makaniko_7Q:
Zing'onozing'ono zambiri zili ndi kiyi, wa chitseko ndi wa injini. Koma ndege zambiri zomwe mukuziona m'mashedi ndi za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo maloko ake ndi ofooka kuposa a galimoto ya masiku ano. Amene ankazipanga ankalimbana ndi kulemera, chitsulo chilichonse chowonjezera ankachiona ngati katundu. Zikuluzikulu za injini ya jeti kapena turboprop nthawi zambiri zilibe n'komwe kiyi woyatsira. Chomwe chimazitchinjiriza ndi mpanda, alonda, ndi kuvuta kwa kaliziridwe kake.

Jah_Bless_Ndirande:
Ndiye amaliza bwanji popanda kiyi madala? Tafotokozani.

Makaniko_7Q:
Zimenezo sindilemba pano achimwene. Gulu lino lili ndi anthu ambiri omwe sitikuwadziwa.

Msilikali_Wopuma:
Mwayankha bwino a Makaniko. Ine maganizo anga ndi olimba pa nkhaniyi ndipo ena sakondwa nawo. Bwalo lililonse pomwe pamatera ndege liyenera kukhala ndi mpanda wa waya wamagetsi, makamera, geti limodzi lokha, ndipo aliyense wolowa asechedwe, kaya ndi mwini ndege kaya ndi mkazi wake. Pa Kamuzu International Airport amativula lamba ndi nsapato tisanakwere, koma munthu wa ndege yakeyake amangofika ndi galimoto mpaka pansi pa phiko. Chifukwa chiyani? Mu Sepitembala 1994 Frank Corder anaba Cessna 150 ku Maryland n'kukaigwetsa pa kapinga wa White House. Mu Januwale 2002 mwana wa zaka 15 yemwe ankaphunzira kuyendetsa ndege ananyamuka yekha ndi Cessna 172 n'kukaomba nyumba yosanja ya Bank of America ku Tampa. Ngati zinachitika kwa anzathu okhala ndi zida zonse, ife tikudalira chiyani?

Pailoti_wa_m'Tchire:
Akuluakulu a Msilikali, ndi ulemu wonse, pamenepa tisiyana. Ine ndimanyamula alendo ndi katundu kupita m'mabwalo a fumbi, ndateraponso ku Likoma, ku Chelinda, ku Mfuwe ndi m'minda ya nzimbe. Zomwe mukunenazi zikakhala lamulo, theka la mabwalo amenewa atsekedwa chifukwa palibe wolipira waya wamagetsi wa makilomita atatu kuti atchinge ndege ziwiri pa sabata. Akatsekedwa, wovutika ndi wodwala amene amafunika kumutulutsa pachilumba nyanja itakalipa.

Ndipo taonani bwino zitsanzo zanu zomwe. Mwana wa ku Tampa uja sanadumphe mpanda. Anali wophunzira wa pasukulupo, ndipo mphunzitsi wake anamutuma kuti akayambe kuyendera ndege asananyamuke. Geti likanamulola kulowa. Chinanso, mu ngozi ziwiri zonsezo amene anafa ndi woba yekhayo. Cessna 172 itadzaza sifika ngakhale matani awiri, ikupepuka kuposa Hilux. N'chifukwa chake ku America, komwe kuli ndege zing'onozing'ono ndi za eni ake pafupifupi 200,000 ndi mabwalo otsegukira aliyense pafupifupi 5,000, malamulo okhwima a chitetezo anayambira pa ndege za hayala zolemera kuposa mapaundi 12,500. Mu 2008 bungwe la boma loona za chitetezo cha maulendo, la TSA, linafuna kuwonjezera malamulo otere pa ndege zikuluzikulu za eni ake, anthu anakana kwambiri ndipo sizinapitirire. M'mabwalo ang'onoang'ono chomwe anakhazikitsa mu 2002 ndi Airport Watch ya bungwe la eni ndege ndi apailoti la AOPA, yomwe ili ngati neba hudu wathu: tseka ndege yako, dziwa anzako a pabwalo, ukaona zachilendo imba foni.

Msilikali_Wopuma:
Neba hudu wa ndege? Ndiye mwasiya khomo pululu. Cessna ndi yopepuka inde, koma igwere pa msika wa Lizulu tsiku la msika mudzandiuze.

Pailoti_wa_m'Tchire:
Pamenepo sindikutsutsani, ikhoza kupha anthu. Ndikungoti ndalama zochepa zomwe zilipo tiziike pomwe pali bowo lenileni. Loko wa unyolo pa pulopela, loko wa pa throttle (chowonjezerera moto wa injini), shedi yotseka, makiyi osapachikidwa pa msomali mu ofesi, ndi kusasiya ndege itamwa mafuta odzaza usiku. Zonsezi pamodzi mtengo wake sufika pa tayala limodzi la ndege yaikulu, koma eni ndege ambiri amachita nazo ulesi.

Mwana_wa_Lumbadzi:
Ine ndinakulira pafupi ndi kabwalo kena ka fumbi kumudzi kwa amayi anga. Njira yopita kuchigayo inkadutsa pakati penipeni pa msewu wa ndege. Ndege ikamabwera inkayamba yazungulira kamodzi motsika kuti mbuzi ndi ana tichoke. Mpanda anaikapo kawiri, kawiri konse waya anathera m'makola a nkhumba. Koma ndege ikagona pamenepo palibe ankaikhudza, chifukwa mudzi wonse unkadziwa kuti ndi imene inatengapo mayi wina wapakati kupita naye kuchipatala. Mlonda wake anali mdala mmodzi wa ndodo ndi tochi.

Che_Mangochi:
Kwathu vuto silinali ndege koma mafuta. Anyamata ankapopa usiku kukathira m'njinga zamoto, ati imathamanga kwambiri.

Makaniko_7Q:
Che Mangochi, amenewo awachenjeze. Mafuta a ndege a Avgas 100LL, a buluu aja, ali ndi mtovu, ndi poizoni kwa munthu womupopa ndi pakamwa. Koma choopsa kwambiri chili kwa pailoti. Wakuba mafuta akasiya chitsekero chosatseka bwino, mvula imalowa mu thanki. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse timatapa mafuta pang'ono pansi pa phiko m'kabotolo koonekera, kuyang'ana ngati pansi pakhala timadontho ta madzi, ndipo timapisa kamtengo mu thanki osadalira geji. Wakuba malita 20 amaona ngati waba zochepa, pomwe akhoza kupha anthu anayi.

Dalitso_MUBAS:
Pepani kusokoneza, koma poti pano pali apailoti, kodi munthu wa MSCE angayambire pati kuti aphunzire kuyendetsa ndege? Masamu ndi Physics ndinakhoza bwino.

Pailoti_wa_m'Tchire:
Dalitso, ambiri a ife tinaphunzira ku South Africa kapena ku Kenya. Umayamba ndi laisensi ya PPL, yoyendetsera ndege osati ngati ntchito, kenako CPL, yogwirira ntchito yolipidwa, yomwe ku South Africa imafuna maola 200 a mumlengalenga. Koma usanalipire kalikonse kayezetse kaye kwa dokotala wovomerezeka wa za ndege, maso ndi mtima, kuti usataye ndalama za makolo pachabe. Tsegula nkhani yakeyake ndikuyankha bwino kumeneko.

Woyang'anira_Gulu:
Inde tsegulani ina. Pano tibwerere kwa a Mlonda, ntchito yawo ili pa chiswe.

Mphunzitsi_wa_Chipata:
Ndibwerere kwa a Kabaza amene anafunsa kuti ndege ungaibise kuti. Musapite kutali ku America, kuno kwathu ku Africa inasowa Boeing 727 yathunthu. Pa 25 Meyi 2003, pa bwalo la Quatro de Fevereiro ku Luanda, ndege ya nambala N844AA, yomwe kale inali ya American Airlines, inayamba kuyenda dzuwa litatsala pang'ono kulowa, osayatsa magetsi, osayankhula ndi a pa nsanja yowongolera ndege. Inali itakhala pansi kwa miyezi yoposa 12 ndipo mkati anali atachotsamo mipando n'kuikamo mathanki onyamulira dizilo. Munali anthu awiri omwe ankaikonza, Ben Padilla wa ku America ndi John Mutantu wa ku Congo. Palibe mwa iwo anali ndi laisensi yoyendetsa 727, yomwe imafuna anthu atatu kutsogolo. Inanyamuka kulowera kunyanja ya Atlantic. FBI ndi CIA anaifunafuna, mpaka lero sinapezeke, anthu awiriwo sanaonekenso. Abale awo akadali ndi mafunso.

Kabaza265:
Ee, 727 yonse? Nanga radar inali kuti?

Pailoti_wa_m'Tchire:
Anthu amaganiza kuti kumwamba konse kuli maso, koma sizili choncho. Zomwe mumaona pa Flightradar24, tsamba la pa intaneti loonetsa komwe ndege zili, zimachokera ku kachipangizo ka mu ndege momwemo kamene kamaulutsa komwe ili. Kakazima, pamafunika radar ya mtundu wina yomwe imaona chitsulo chenichenicho, ndipo imeneyo madera ambiri a Africa kulibe, makamaka ndege ikamauluka motsika kapena pamwamba pa nyanja. Tonse tikukumbukira Juni 2024, ndege ya asilikali itasowa ndi a Chilima ndi anzawo asanu ndi atatu, mmene tinagonera osadziwa kanthu mpaka inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa. Imeneyo sinabedwe, aliyense ankaifuna ndi mtima wonse, komabe zinatenga usiku wathunthu. Ndiye ganizirani ya munthu amene akubisala dala.

Mayi_a_Tadala:
Mizimu yawo iuse mumtendere. Tsiku limenelo sindidzaliiwala.

Mlamu_wa_ku_Tete:
Za kobisa ndege, ku Latin America sabisa n'komwe, amaigwiritsa ntchito n'kuitaya. Ozembetsa mankhwala ozunguza bongo amakonda Cessna 206 ndi 210 chifukwa zimanyamula katundu wolemera ndipo zimatera pa msewu wafupi wa dothi. Amasintha manambala a pa mchira, amachotsa mipando, ulendo umodzi kapena iwiri kenako amaiwotcha m'tchire. Mu Sepitembala 2020 anthu ena anaba jeti ya Hawker 800 pa bwalo la Cuernavaca ku Mexico, anapita nayo ku Venezuela, pobwerera inakagwa ku Guatemala ili ndi mankhwalawo. Amenewo si ana ofuna kutchuka ngati wa ku Seattle uja. Ndi magulu a ndalama ndi mfuti, ndipo mlonda wa ndodo akalimbana nawo amangotaya moyo.

Mlonda_wa_ku_Joni:
Zimenezo n'zomwe zimandidetsa nkhawa usiku, alamu. Ine ndili ndi wailesi ya m'manja, tochi ndi batani loitanira a armed response. Mashedi alipo ambiri, ndikayamba kuyendera kumapeto kuno, kufika uko papita mphindi 25. Aliyense amene amagwira ntchito pano akudziwa nthawi yomwe ndimadutsa.

Msilikali_Wopuma:
Limenelo ndiye vuto loyamba. Musamayende nthawi yofanana, ndipo musamayambire mbali imodzimodzi. Lero yambirani pakati, mawa bwererani pomwe mwadutsa kale. Auzeni akuluakulu anu zimenezi polemba, kuti mawa asadzanene kuti simunanene.

NaBanda_Seattle:
Ndiwonjezere pa mfundo ya anthu a mkati, chifukwa ndi imene ikukhudza a Mlonda. Pa 10 Ogasiti 2018 ndinali kuno pomwe Richard Russell anatenga ndege ya Horizon Air, Q400 ya mipando 76, pa bwalo la Sea-Tac. Bwalo limenelo lili ndi zonse zomwe a Msilikali akufuna: mpanda, makamera, apolisi, agalu. Koma iye anali wantchito wa pansi, wokweza katundu ndi kukoka ndege, wokhala ndi khadi lovomerezeka. Anaitembenuza ndi thirakitala yokokera ndege, n'kukwera, n'kunyamuka yekha. Ndege za nkhondo za F-15 zinachokera ku Portland kudzamutsatira. Anauluka kopitirira ola limodzi akuyankhula ndi a pa nsanja omwe ankamunyengerera kuti atere, mapeto ake anakagwa pa chilumba cha Ketron n'kufa. Mu Sepitembala 2022 ku Tupelo, Mississippi, zinachitikanso: wantchito wothira mafuta, wa zaka pafupifupi 10 pantchitopo, anatenga ndege ya King Air m'bandakucha n'kuopseza kuti aigwetsera pa sitolo ya Walmart. Anazungulira maola pafupifupi asanu, kenako anakatera m'munda.

Mphunzitsi_wa_Chipata:
Ndi Botswana pafupi pompa. Pa 11 Okutobala 1999 pailoti wa Air Botswana, Chris Phatswe, yemwe anali ataimitsidwa kuuluka pa zifukwa za umoyo, anatenga ndege ya ATR 42 pa bwalo la Sir Seretse Khama ku Gaborone, anazungulira pafupifupi maola awiri, n'kudzaigwetsera pa ma ATR ena awiri omwe anali pansi. Munalibe anthu, anafa yekha, koma kampaniyo inatsala pafupifupi yopanda ndege.

Msilikali_Wopuma:
Chabwino, ndavomera kuti mpanda sugwira munthu wa khadi. Koma musandiuze kuti ndiye tisiye mpanda. Onjezani lamulo loti munthu asamayandikire ndege yekha usiku, azikhala awiri, ndipo woimitsidwa ntchito azilandidwa khadi tsiku lomwelo.

Pailoti_wa_m'Tchire:
Pa khadi tagwirizana. Ndawonapo munthu atachoka ntchito chaka chatha koma kiyi wa shedi akadali pa mpukutu wake wa makiyi. Koma pa anthu atatu amene atchulidwawa, ine ndimaona anthu omwe mumtima munali mutawawa kale, ndipo anzawo a pantchito mwina ankaona koma osafunsa. Pailoti amaopa kunena kuti sakupeza bwino m'maganizo chifukwa akhoza kutaya laisensi, ndiye amabisa. Pamenepo kamera sithandiza.

Gogo_Nasibeko:
Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mabwana anu akudziwa kuti akayamba kufunsa a makadi aja akhudza anzawo omwe amamwa nawo tiyi. N'chifukwa chake ayambira kwa inu.

Achimwene_a_Labour:
A Mlonda, mverani bwino izi. Choyamba, jambulani ndi foni masamba a buku la pageti a masiku awiriwo lisanachoke m'manja mwanu. Chachiwiri, musasaine pepala lililonse lomwe simunaliwerenge, ndipo pemphani kope. Chachitatu, akakuuzani za polygraph, makina oyezera ngati munthu akunama, dziwani kuti ku South Africa zotsatira zake pazokha si umboni wokwanira kuchotsera munthu ntchito, pamafunika umboni wina. Akakuchotsani muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, ndipo salipiritsa. Satifiketi yanu ya PSIRA, bungwe lolembetsa alonda, ndi mapepala ena akhale pafupi. Musathawe, musasiye ntchito mwa mantha, chifukwa mukatero iwo adzati mwadziulula.

Mlonda_wa_ku_Joni:
Buku ndajambula usiku womwe uno. Zikomo achimwene. Mawa ndikawauza za manambala zija a Makaniko.

Jah_Bless_Ndirande:
Akakumverani mlonda? Ndikukayika.

Makaniko_7Q:
Musapite kwa a ofesi ya alonda. Pitani kwa mwini ndege amene waberedwayo. Iyeyo ndi amene zikumuwawa, ndipo a inshuwalansi amufunsa manambala omwewo. Chinthu china, afunse ngati chipangizo chilichonse pabwalopo chayamba kuonetsa zachilendo, monga mabwalo osungidwa mu GPS omwe mwini wake sanapiteko.

Mlonda_wa_ku_Joni:
Abale, ndabwera ndi nkhani. Ndinamudikirira mwini ndege uja pageti Lachinayi n'kumufotokozera. Poyamba anangondiyang'ana, kenako anaimika galimoto pambali n'kundifunsa kuti ndazidziwa bwanji. Ndinamuonetsa zomwe analemba a Makaniko, ndikumumasulira. Analemba pa gulu lawo la WhatsApp la eni ndege, ndipo Loweruka anthu anabwera ndi mabuku awo. Mu shedi yachitatu kuchokera pa yake, mu ndege ya Piper ya dokotala wina amene sanauluke mwezi wathunthu, apezamo GPS ya nambala ya bwana woberedwa uja. Dokotalayo atayatsa anapeza muli maulendo opita kumalo omwe iye sanapiteko. Wailesi sinapezeke. Apolisi abweranso ndipo ulendo uno atenga buku la pageti ndi mndandanda wa onse okhala ndi makiyi a mashedi awiriwo, akuti alipo 7, ndipo pa 7 amenewo palibe mlonda. Sanatipepese, ndipo mnzanga mmodzi akadali woimitsidwa, akuti mpaka kafukufuku athe. Ali ndi ana atatu ku Mzimba omwe akudikira fizi. A Labour, kodi munthu woimitsidwa chonchi amayenera kulandira malipiro ake onse?

Achimwene_a_Labour:
Inde, ngati amuimitsa podikira kafukufuku amayenera kulipidwa mokwanira. Muuzeni apemphe kalata yomuimitsayo, ndipo mwezi ukatha aone payslip bwinobwino. Akadula kalikonse mundiuze, ndikuthandizani kulemba fomu ya ku CCMA.